Chaka Chimene Rozina Anasiya Kuyankhula

Linali Lachiwiri, nyengo yomenya nyemba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala ku Angonia, ku Mozambiki, mtunda wa masiku atatu wapansi kukafika m'malire a Dedza.

M'mawa umenewo amayi anayala mphasa ziwiri pabwalo. Ine ndinkamenya nyemba ndi ndodo, iwo nkumapeta. Mng'ono wanga Rozina, wa zaka zisanu, ankatola zogwera kunja kwa mphasa nkumaponya m'chitini. Ankaziwerenga mokweza, koma akafika pa zinayi ankabwerera pa imodzi.

Rozina anali wolongolola. Ankacheza ndi nkhuku, ndi mtondo, ngakhale ndi mthunzi wake. Abambo ankati mwana ameneyu anabadwa ali m'kati mwa nkhani, ndipo sanaimalizebe.

Abambo anali kalipentala. Tsiku limenelo ankapala chitseko cha munthu pansi pa mtengo wa pichesi. Achimwene anga, Domingo, anali kudambo ndi ng'ombe.

Phokoso loyamba ndinaliyesa malata akugwa kuchigayo. Lachiwiri linabwera motsatizana, ngati mbuliwuli zikuthetheka m'phale. Nkhuku zinakhala chete. Kumbali ya sitolo kunakwera utsi wakuda.

Abambo anaika chopalira chawo pansi mochigoneka cham'mbali, monga ankachitira masiku onse kuti chisabunthe. Anayang'ana amayi.

"Tsogolani kuphiri. Ndikatenge Domingo, ndikupezani."

Podutsa anagwira Rozina kumutu. Tizipalapala ta thabwa tinatsalira m'tsitsi mwake.

Amayi anatenga bulangete, kapoto, mchere ndi chitini cha Rozina chija. Anamuponya Rozina kumsana. Titafika pakhola anaima nkumasula mbuzi yathu, imene inali ndi bere. Mbuziyo sinathawe. Inangoima nkumatiyang'ana.

Ine sindinatenge kanthu. Tili pakati pa phiri ndinazindikira kuti ndodo yomenyera nyemba ikadali m'manja mwanga.

Inu amene mwabadwira kuno ku Mzuzu mumakonda kundifunsa kuti ndinkamva bwanji. Zoona zake nzakuti sindinkadziwa. Kwathu mwana sankafunsidwa funso limenelo. Ukalira ankakufunsa kuti pakupweteka pati, ukaloza mwendo kapena m'mimba nkhani nkuthera pomwepo. Mawu amene tinali nawo anali njala, kutopa ndi kuzizidwa. Zonse za mumtima tinkazilongedza m'mawu atatu amenewo.

Tinadikira kuphiri, kuseri kwa thanthwe lalikulu, mpaka dzuwa linapendeka. Anthu a m'mudzi mwathu ankafika awiriawiri. Aliyense amayi ankamufunsa. Mayi wina anati anawaona abambo akuwoloka dambo. Panalibe amene anawaona akubwerera.

M'mawa mwake mabanja atatu anagwirizana zolowera ku Malawi. Amayi anakana kawiri. Kachitatu anayang'ana Rozina, amene ankanyambita mchere m'dzanja lake, ndipo anadzuka. Anang'amba kansalu kumphepete kwa chitenje chawo nkukamangirira pa nthambi, poonekera, kuti abambo akafika adziwe kuti tinalipo.

Sitinkayenda mumsewu. Ankati mumsewu anakwiriramo mabomba. Tinkayenda mondondozana m'tinjira ta ng'ombe, kutsata pamene ziboda zinaponda. Amayi anandiuza kamodzi kokha kuti ndiziponda pamene iwo aponda.

Masiku amenewo nkhope ya amayi sindiikumbuka bwino. Ndimakumbuka zidendene zawo. Chakumanzere chinali ndi mng'alu wautali, ndipo pofika tsiku lachiwiri unayamba kutuluka magazi.

Rozina ankafunsa mafunso ali kumsana. Kodi mbuzi idziwa pogona? Nkhuku atsekera ndani? Abambo adya chiyani poti poto tatenga ife? Amayi ankangoti, "Chete, mwanawe." Iye ankakhala chete kwa mapazi khumi, kenako nkuyambiranso.

Tinakumba mbatata m'munda wa anthu amene anathawa kale. Asanazule phata loyamba, amayi anawomba m'manja nkunena chapansipansi kuti, "Pepani eni munda." Panalibe munthu. Tinadya mbatatayo yaiwisi, tikuyenda.

Tsiku lachiwiri masana tinafika pamtsinje wa bango lambiri. Bambo amene ankatitsogolera anakweza dzanja. Tinamva mawu a amuna ndi kawailesi kakuimba. Tonse tinagona m'matope, pakati pa bango.

Rozina anamva mawu a amunawo. Anadzutsa mutu, nkhope ili ngwee.

"Amayi, kodi amenewo ndi aba—"

Dzanja la amayi linatseka pakamwa pake.

Amunawo anadutsa pafupi kwambiri. Ndinaona miyendo yokha. Ena anavala majombo, ena analibe nsapato. Mmodzi anavala nsapato zachizimayi zodula kumbuyo. Pambuyo pawo pankabwera anthu osenza katundu, omangidwa chingwe chimodzi m'chiuno. Miyendo ya anthuwo ndinaiyang'ana yonse umodziumodzi. Ya abambo panalibe.

Anaima kuti amwe madzi. Sanafulumire. Wina anatsuka malaya. Nyerere inakwera padzanja langa mpaka pachigongono, nkubwerera, nkukweranso. Sindinaisase.

Rozina ankaphiriphitha. Amayi anamupanikiza pachifuwa pawo, dzanja osalichotsa. Pamwamba pa dzanjalo pankaoneka maso ake okha. Ankayang'ana amayi.

Kawailesi kaja katamveka kutali, amayi anachotsa dzanja. Pamasaya a Rozina panadindika zala zinayi. M'chikhatho cha amayi munkatuluka magazi, momwe mano a mwana analowa.

Rozina sanalire. Funso lake lija sanalimalize.

Tinayesa kuti watopa. Madzulo amayi anamufunsa ngati akufuna madzi, iye anangogwedeza mutu. M'mawa mwake tinadutsa gulu la anyani ali pamwala. Ndinamulozera. Anawayang'ana, nkubisa nkhope pamsana pa amayi.

Malire ndinkayesa kuti ndi mpanda kapena mtsinje waukulu. Unali msewu wa tala basi. Tsidya lake amayi ena ankagulitsa kabichi ndi mbatatesi. Mtsikana wa msinkhu wanga anadutsa atavala yunifolomu, akudya nzimbe. Ndinafuna kumugenda. Sanandilakwire chilichonse, ndipo sindinadziwe chifukwa chake.

Mayi wina wogulitsa anatipatsa madzi m'kapu yapulasitiki ndi mandasi atatu. Langa ndinalidya lonse nkunyambita zala. Linali lokoma kuposa chilichonse chimene ndinadyapo. Nditangomeza, chinthu cholemera chinakhala pansi pa nthiti zanga. Ndinati ndi m'mimba.

Ndodo ija ndinaitsamiritsa pamtengo wa m'mbali mwa msewu. Zala zinatenga kanthawi kuti ziwongoke.

Kumsasa wa othawa nkhondo tinakhalako miyezi isanu. M'mawa uliwonse amayi ankapita kumene ankalembera anthu ofika kumene. Ankaima pambali nkumayang'ana nkhope. Ankabwerako okha, nafenso sitinkafunsa.

Adokotala a pamsasapo anamuunika Rozina m'makutu ndi kukhosi ndi tochi. Anawomba m'manja kumbuyo kwake, iye nkudzidzimuka. Anati mwanayu alibe vuto, adzayankhula yekha.

Bala la amayi linapola nkusiya tizipsera tinayi. Dzanja limenelo ankalibisa m'chitenje. Anasiya kumugwira Rozina kunkhope. Kumusambitsa m'maso ndi kumupukuta pakamwa inakhala ntchito yanga. Ankamuphikira, kumufunditsa, kumupatsa gawo lawo la chakudya, koma nkhope yake sankaikhudza.

Amayi anali ndi mlongo wawo, amalume a Zakeyu, amene anabwera ku Malawi ali mnyamata ndipo ankayendetsa lole ya matabwa ku Mzuzu. Wansembe wina anatilembera kalata. Patapita milungu ingapo amalume anafika atanyamula buledi awiri. Anakhala pansi pafupi ndi amayi, onse awiri akuyang'ana dothi. Kenako amalume anati, "Tiyeni kwathu."

Amayi anasiya uthenga kwa olemba mayina, kwa wansembe ndi kwa aliyense wa m'mudzi mwathu, kuti abambo akafika auzidwe kuti tili ku Mzuzu, ku Chiputula.

Basi inayenda tsiku lonse. Ku Chikangawa tinalowa m'nkhungu, mitengo ya paini ili ndandanda mbali zonse. Fungo la matabwa ocheka kumene linalowa pawindo. Amayi anatseka maso. Rozina anatulutsa mphuno pawindopo mpaka tinatuluka m'nkhalango.

Ku Mzuzu tinafika kukuwaza mvula. Kuchokera kudepoti tinayenda wapansi, kutsetsereka ndi kukwera m'matope ofiira. Nyumba ya amalume inali ya zipinda ziwiri, kuseri kuli nthochi. Pakhomo panaima mayi wamfupi, wonenepa, manja ali m'chiuno.

"Monire, monire! Lowani, mwazizidwa chomene!"

Amenewa anali akazi a amalume, a Nyachirwa, a ku Nkhata Bay. Ife tinkawatcha azakhali. Ankaphunzitsa Sitandade 2. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitumbuka ndi Chitonga, ndipo ankachiyankhula mokweza ngati tonse tili kumbuyo kwa kalasi.

Chimene chinatidabwitsa mwa azakhali sichinali chiyankhulo. Iwo ankanena za mumtima mwawo ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kwachita mitambo. Ankatha kulowa m'nyumba nkunena kuti, "Lero ndakwiya, musandiyandikire mpaka ndimwe tiyi." Amalume akachedwa ankawauza pamaso pathu kuti, "Ndinada nkhawa, a Zakeyu, ndipo tsopano nkhawayo yasanduka mkwiyo." Amalume ankaseka nkupepesa. Amayi ankayang'ana kumbali, akuchita manyazi m'malo mwawo.

Azakhali sanamukakamizepo Rozina kuti ayankhule. Anthu ena ankamunyengerera ndi masiwiti kuti atchule dzina lake. Iwo ayi. Ankamukhazika pakati pa miyendo yawo nkumamuluka tsitsi, akumufotokozera za tsiku lawo: mwana amene anawaseketsa m'kalasi, galu wa ku Katawa amene anawaopsa, chisoni chimene anamva ataona nkhuku yawo itafa. Sankayembekezera yankho. Rozina ankatsamira mutu pabondo pawo.

Ine anandipeza tikuchapa kuseri kwa nyumba, Loweruka lina.

"Luisa, mtima uli bwanji?"

Ndinati uli bwino.

"Bwino timauza anthu a pamsewu. Ine ndine wa m'nyumba."

Anapitiriza kuchapa. Patapita nthawi ndinawauza kuti m'mimba mumandipweteka kuyambira tsiku la mandasi lija. Anandifunsa kuti mumapweteka nthawi yanji. Ndinati ndikadya chokoma. Ndikaseka ndi anzanga kusukulu. Ndikafunda bulangete lofunda bwino.

Azakhali anafinya malaya nkuwaika m'beseni.

"Si m'mimba, mwana wanga. Ukuona ngati ukuwalakwira abambo ako ndi achimwene ako pokhuta iwo kulibe."

Ndinavomera ndi mutu.

"Pamenepo pali zinthu ziwiri. China ndi chisoni, kuno timati chitima. Chimenecho ndi chako, usachite nacho manyazi. Chinacho ndi mlandu umene wadzisenzetsa. Umenewo si wako. Iwe sunawombere mfuti."

Ndinalira koyamba chichokere kwathu. Azakhali sananditonthoze. Anandipatsa malaya a amalume onyowa kuti ndipukutire m'maso, nkupitiriza kuchapa mpaka ndinamaliza.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kusiyanitsa. Mantha ankandigwira m'miyendo. Mkwiyo unkakhala pakhosi, ndipo ndinazindikira kuti ndi umene ndinamvera mtsikana wa nzimbe uja. Kupukwa kunkabwera ndikadutsa pa kalipentala wa panjira ya kumsika. Palibe chimene chinachoka. Koma chinthu ukachidziwa dzina umatha kupita nacho kwa munthu wina nkumuuza kuti lero chabwera ndi chakuti.

Rozina anali atakhala chete pafupifupi chaka.

Tsiku lina m'mawa tinali tonse m'nyumba chifukwa cha mvula. Amayi ankasoka diresi langa, azakhali akuchonga makope a ana awo. Kumsewu kunaphulika tayala la lole.

Ine ndinagwetsa kapu. Titayang'ana, Rozina anali pansi pa tebulo, atagona chafufumimba. Anali atadzitseka pakamwa ndi dzanja lake lomwe, mwamphamvu, mpaka zala zinayera.

Amayi anaima, singano ili m'manja. Sanasunthe.

Azakhali anatsitsa mawu, mwina koyamba chiwadziwireni.

"Alamu, mwanayu palibe amene anamuuza kuti zija zinatha. Akuyesa kuti munamukwiyira. Ine sindingamuuze. Dzanja linali lanu."

Amayi anali munthu wamtali, wosakonda kudzionetsa. Anaika singano patebulo. Anagwada, nkukwawira pansi pa tebulopo mpaka miyendo yokha ndiyo inatsala kunja. Anagona m'mbali mwa Rozina, pasimenti pozizira.

Mawu awo anatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Rozina, mwana wanga. Tsiku lija kubango ndinali ndi mantha. Mantha aakulu. Ndinkaopa kuti akulanda kwa ine. Sindinakukwiyire. Sunalakwe kufunsa za abambo ako. Inenso ndinkafuna kufunsa."

Anasendera pafupi naye.

"Ndinakupweteka, ndipo ndakhala ndi chisoni masiku onsewa. Kuno kulibe anthu aja. Ukafuna kuyankhula, yankhula. Ukafuna kukuwa, kuwa."

Anatulutsa dzanja lija m'chitenje nkumuonetsa tizipsera tinayi tija. Rozina anatiyang'ana nthawi yaitali. Anachotsa dzanja pakamwa pake nkukhudza tizipserato ndi chala, kamodzikamodzi. Kenako anatenga dzanja la amayi nkuliika patsaya lake.

Anakhala pansi pa tebulopo mpaka mvula inakata. Azakhali anachonga makope awo onse pamwamba pa tebulo lomwelo, misozi ikugwera pa masamu a ana a eni.

Tsiku limenelo Rozina sanayankhule. Mawa lake sanayankhulenso. Koma madzulo ake amayi anamusambitsa okha m'maso.

Tsiku lachinayi azakhali anabwera kuchokera kusukulu ndi nthochi zakupsa. Anathyola imodzi nkumupatsa Rozina, maso ali kwina, akundifunsa ine za homuweki.

"Yewo."

Anali Rozina, akuthokoza m'Chitumbuka. Mawuwo anali aang'ono, osasa. Tonse tinaima. Azakhali anatiyang'ana ndi diso lotiletsa kuchita phokoso, nkuyankha ngati palibe chachitika: "Yewo, mama."

Rozina anasenda nthochi yake nkuidya theka. Kenako anapita kwa amayi, amene anali atakhala pakhomo, nkuwatsamira.

"Amayi, ndawasowa abambo."

"Inenso ndawasowa," anatero amayi.

Amalume atafika nkumva, anatulukanso osavula nsapato. Anabwera ndi fanta mmodzi wa Rozina yekha. Iye anawauza kuti ndi wozizira kwambiri, ndipo amalume anaseka mpaka kukhala pansi.

Nkhondo itatha, anthu ambiri anabwerera kwawo. Ife tinatsala. Ine ndinali nditalowa sekondale, ndipo amayi anati uthenga umene anasiya unkanena za Chiputula, choncho sangachokepo.

Domingo anatipeza patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Anafika masana, atanyamula kachikwama kapulasitiki, akufunsa nyumba ndi nyumba. Anali wamtali kuposa abambo ndipo ankatsimphina. Anatiuza kuti abambo anamupezadi kudambo tsiku lija. Anagwidwa limodzi nkusenzetsedwa katundu. Abambo ankamuchepetsera katundu wake nkuwonjezera pa wawo. Mwezi wachiwiri abambo anadwala nkumwalira panjira. Domingo anawaika yekha pansi pa mtengo wa muwanga, koma malowo sangawalozenso.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Anamufunsa ngati abambo ananenapo kanthu. Domingo anati ankafunsa kawirikawiri ngati tinafika kuphiri.

Amayi anakhala nafe zaka zina zambiri ndipo anagona kuno ku Mzuzu. Amalume anawatsatira. Domingo ali ndi ana anayi, amakhoma mipando ku Katawa. Za kutchire sanena zambiri, koma tsiku likamuvuta amabwera kwathu nkunena kuti lero sizili bwino, ndipo timakhala naye.

Rozina ndi namwino. Odwala amati amachiza ndi pakamwa asanabaye jakisoni. Azakhali akalamba, maso achita khungu, ndipo amakhala kwa iye. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndimakwera njinga yamoto kukawaona. Amandigwira kumaso kuti adziwe kuti ndine ndani.

Pa anthu asanu a m'nyumba mwathu, anayi tinafika. Abambo dzina lawo linali Joakimu.